Ng'ombe za Limbani ndi Mzere wa Malemu a Kampira

Inu ana anga mukudziwa kuti ukwati wa mkulu wanu Limbani unatsala pang'ono kulephereka, koma aliyense amene anakufotokozerani nkhaniyi anaikometsera kumbali yake. Amayi anu amati vuto linali liuma langa. Amalume anu a Tchale amati panalibe vuto lililonse limene iwo sanalithetse. Ine ndalemba mutu uno kuti mudziwe chimene chinayambitsa, chimene chinatsatira, ndi chifukwa chake mawu ochepa olembedwa m'kompyuta anaimitsa ng'ombe m'khola ku Chapananga pamene akuchikazi ankazidikira kwa Malemia. Za ubwana wanga ndazilumpha. Munazimva mokwanira masiku amene munkakana kupita kusukulu.

Chikwawa, zaka zoyamba za matipate

Ntchito yanga yoyamba nditalandira dipuloma ya zamakompyuta ndinaipeza ku bungwe lina la alimi a ziweto m'chigwa chathu chino. Inali nthawi imene mabungwe ankamera paliponse ngati bonongwe mvula yoyamba ikagwa. Ofesi ya ku Chikwawa inali ndi kompyuta imodzi, fani imodzi, ndi anthu ambiri ofuna faniyo. Titakambirana mofatsa tinagwirizana kuti fani ikhale ya kompyuta, popeza munthu akatenthedwa amangodandaula, pamene kompyuta ikatenthedwa imazima. Riboni ya pulinta ikauma tinkaidontheza mafuta a makina osokera. Mapepala akatha tinkasindikiza kuseri kwa malipoti akale, motero alimi ena ankapita kwawo ndi chilolezo cha ng'ombe kutsogolo, kumbuyo kuli madandaulo a komiti okhudza chimbudzi cha ofesi.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali a Kampira, munthu wamfupi, wolankhula pang'ono, amene ankakhulupirira kuti makina amamva mukawanyoza. Udindo wathu waukulu unali kusamalira pulogalamu ina imene anatisiyira azungu a pulojekiti asanabwerere kwawo. M'pulogalamumo munali ng'ombe za mamembala onse: mwini wake, mtundu wa chikopa, zizindikiro za m'makutu, ndi dibi kumene imasamba. Mlimi akafuna kusamutsa ng'ombe, pulogalamuyo inkasindikiza pepala limene alangizi a ziweto ankasainira. Musaone ngati linali pepala wamba. M'chigwa muno muli akuba ng'ombe ndiponso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, choncho lole ya ng'ombe yopanda pepala loyenera imathera pa rodibuloko, ndipo mwini wake amagona kumene sanakonzekere.

Nsanje, zaka za m'ma 2000

Bungwe litaganiza zosunga zonse pamalo amodzi, a Kampira ndi ine tinasamutsidwira ku Nsanje pamodzi ndi kompyuta ndi fani yake. Kumeneko ndinapeza bwana amene ndinagwira naye ntchito mpaka kupuma, a Zuze, Msena wa kwa Malemia. Anali munthu wachilungamo, wosakonda chinyengo, koma wosakhulupirira chinthu chilichonse chimene chikufuna kuti iye afulumire. Ankanditchula kuti a Injiniya. Ndikakondweretsa mtima wawo dzinali linkamveka ngati ulemu, ndikawatopetsa linkamveka ngati matenda.

Kompyuta yathu inakalamba. Inayamba kulira ngati chigayo ndi kuzima popanda chifukwa. Tinagula yatsopano, koma pulogalamu ya ng'ombe inakana kuyendamo. Kampani imene inailemba inali itatha kalekale. Choipitsitsa, pulogalamuyo inkayamba yaona nambala ya disiki imene inaikidwapo poyamba, ndipo ikapeza nambala ina inkaganiza kuti yabedwa, n'kudzitseka. A Kampira ndiwo anapeza njira. Pali pulogalamu zina zimene ntchito yake ndi kunamizira kukhala kompyuta yathunthu. M'kati mwa kompyuta yatsopano mumamangidwa kompyuta yakale yongoyerekeza, yokhala ndi disiki yongoyerekeza, ndipo pulogalamu yokalamba imakhala m'menemo osadziwa kuti dziko linasintha. Akatswiri amati kompyuta yeniyeniyo ndi mwini nyumba, ya m'katiyo ndi mlendo. M'mawa uliwonse mwini nyumba amayenera kuuzidwa mmene adzutsire mlendo wake, ndipo malangizowo a Kampira anawalemba mu mzere umodzi wautali. Mzerewo unkanena zonse pamodzi: fayilo imene ikusunga ng'ombe zathu, mapangidwe a disiki yakale ija, ndi nambala yake. Anavutika nawo nyengo yonse yotentha. Tsiku limene mlendo anadzuka, a Zuze anagula fanta ofesi yonse, chinthu chimene sichinachitikenso.

Pasanapite nthawi yaitali a Kampira anadwala. Tinapita kukawaona kuchipatala ndi a Zuze, ndipo potsazikana anatigwira manja n'kunena kuti, "Mzere uja musaukhudze." Sabata yotsatira tinawaika m'manda. Ndiyenera kufotokoza bwino pano, chifukwa zonse zotsatira zinachokera pa mawu amenewa. Mmisiri aliyense chinthu chikamuvutitsa kenako n'kutheka amati musachikhudze. Ine ndanena mawu omwewo za wailesi ya m'nyumba mwathu. Koma mawu onenedwa pa bedi la kuchipatala salemera mofanana ndi onenedwa pa khonde. Ine ndinamva langizo la mmisiri. A Zuze anamva mawu otsiriza a munthu wakufa. Anaika lamulo kuti mzerewo usasinthidwe ngakhale chilembo chimodzi popanda chilolezo chawo, ndipo anawonjezera kuti chilolezocho sichidzaperekedwa.

Nsanje, madzi aakulu a 2015 atadutsa

Kwa zaka zambiri lamulolo silinavutitse munthu. Kenako tsiku lina, nditaika mtundu watsopano wa pulogalamu yoyerekeza ija monga likulu lathu linkafunira, mlendo anadzuka bwinobwino koma patsogolo pake panabwera mawu achikasu. Ankati kalembedwe kakale kofotokozera disiki katsala pang'ono kuchotsedwa, ndipo amene akukagwiritsabe ntchito asamukire ku katsopano.

Ndinafufuza chifukwa chake, ndipo ndinapeza kuti eni pulogalamuyo sanali anthu ankhanza. Kalembedwe kakale kankasakaniza zinthu ziwiri zosiyana: malo amene zinthu zasungidwa, ndi mtundu wa disiki imene mlendo akuiona. Iwo anafuna kuti ziwirizi zizinenedwa padera, china pano china apo, n'kulumikizidwa ndi dzina. Kusamalira njira ziwiri mpaka kalekale kunkawachulukitsira ntchito ndi zolakwika. Mwambo wawo unali waulemu: amayamba achenjeza kwa nthawi, njira yakale ikugwirabe ntchito, kenako amaichotsa. Ndinapita kwa a Zuze ndi mfundo zanga zitasanjidwa bwino.

Anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa sankadula munthu mawu. Kenako anafunsa kuti, "A Injiniya, lero makina adzuka?"

"Adzuka, bwana."

"Dzulo?"

"Anadzuka."

"Amene akuchenjezayo wanena tsiku?"

"Sanatchule tsiku. Wangoti m'tsogolo."

"Pyadidi," anatero, kutanthauza kuti zili bwino. "Ine ndinabadwira kudimba, m'mphepete mwa Shire. Chiyambire ndili mwana wailesi imatiuza chaka chilichonse kuti samukirani kumtunda, madzi akubwera. Tikanamvera chenjezo lililonse bwenzi tisanakolole mbatata ngakhale kamodzi. Munthu wa kuno amasamuka madzi akafika pa mwendo wa bedi. Afika pa mwendo wa bedi?"

"Bwana, madzi amenewa sakwera pang'onopang'ono. Tidzangodzuka tili m'nyanja."

"Ndiye tidzasambira. Mawu a malemu akhale."

Zimenezi tinazibwereza kangapo pa zaka zotsatira, mawu ake osasintha kwenikweni. Ogwira ntchito anzathu anazolowera mawu achikasu aja mpaka ankawaona ngati moni. Mayi amene ankasindikiza zilolezo ankati akapanda kuwaona tiyi sakoma. Ine ndinakonza kalembedwe katsopano m'mutu mwanga, ndinakayesa pa kompyuta yanga kunyumba, ndipo ndinadziwa kuti ndi ntchito yosatha ngakhale nthawi yophika tiyi. Koma lamulo linali lamulo.

Chaka cha ukwati wa Limbani

Pa atsikana onse a m'chigwa chino, kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka, Limbani anasankha Joana, mwana wa a Zuze. Sindikudandaula. Joana ndi mpongozi amene aliyense angamupemphere. Ndikungonena kuti mnyamata woganizira bambo ake akanayang'ana kaye kumene bambowo amagwira ntchito. Kwathu kwa Amang'anja mkamwini amapita kuchikazi ndi manja ake ndi khasu. Kwa a Zuze amapita ndi ng'ombe. Ng'ombe zathu zinali ku Chapananga, kwawo kwa amayi anu, m'manja mwa mchimwene wawo a Tchale, amene anakhalanso nkhoswe ya Limbani. Kuchikazi nkhoswe inali mlongo wa a Zuze, mayi Fatima, wogulitsa nsomba zouma pa msika wa pa boma, munthu amene ngakhale oitanira minibasi ankamupatsa njira.

Zokambirana zitayamba, panagwa lamulo lina pamwamba pa malamulo a ofesi. Makolo a mnyamata ndi a mtsikana sakambirana okha za ng'ombe za ukwati. Zonse zimadzera kwa ankhoswe. A Zuze anatsatira mwambowu mosanyengerera, moti iwo ndi ine tinasiyiratu kutchula liwu loti ng'ombe tikakhala awiri. Mungaganize nokha mmene zimenezi zinalili mu ofesi ya ziweto. Tinkati "katundu wa mamembala". Tsiku lina ng'ombe yeniyeni inalowetsa mutu pa zenera la ofesi yawo ndili m'katimo, ndipo tonse awiri tinapitiriza kukamba za jenereta.

Tsiku loperekera ng'ombe linali litasunthidwa kale kamodzi chifukwa cha chiletso cha matenda. Amalume a Joana, ena ochokera kutsidya kwa malire, anang'ung'udza kuti mwina akuchimuna alibe ng'ombe, ali ndi nkhani chabe. Anaika Loweruka lina n'kunena poyera kuti likalephereka limenelo nkhani yatha, mtsikana ali ndi ofunsira ena. Anafika msanga kwa Malemia n'kuyamba kudya mbuzi za a Zuze podikira.

Kumayambiriro kwa sabata yomweyo kunabwera galimoto ya ku likulu ndi kompyuta yatsopano, mphatso ya othandiza bungwe. Malamulo a mphatsoyo ankafuna kuti yakale ibwezedwe tsiku lomwelo. Ndinawauza anyamata a ku likuluwo za mawu achikasu. Anati mafayilo onse akopera mmene analili, palibe chimene chasintha. Magetsi anali atazima, jenereta inalibe mafuta, choncho sitinathe kuyesa. Anakweza kompyuta yakale m'galimoto n'kuthamangira kukwera mapiri kusanade. Magetsi atabwera m'mawa mwake ndinayatsa makina. Mawu achikasu panalibe. M'malo mwake panali mawu oyera, aafupi, onena kuti mwini nyumba sakudziwa zimene mzerewo ukunena. Mlendo sanadzuke. Ng'ombe zonse za m'chigwa zinali m'fayilo yake zili bwinobwino, koma panalibe khomo lolowera.

A Zuze anaimba foni ku likulu. Anayankhidwa kuti galimoto idzabweranso kumapeto kwa mwezi mafuta akapezeka. Panja, pansi pa mtengo wa nimu, alimi ofuna zilolezo anayamba kusonkhana. Pempho la ng'ombe za Limbani linali pamwamba pa onse, chifukwa ndinalipereka msanga monga munthu wadongosolo.

Apa ndiye panali chisankho chovuta kuposa china chilichonse pa ntchito yanga, ndipo ndinachiyeza mbali zonse. Ndikanatha kusintha mzerewo masana a Zuze atapita kukadya, palibe akanadziwa msanga. Koma pepala loyamba kutuluka likanakhala la ng'ombe zanga, lotuluka m'makina amene ine ndawasintha mobisa, mophwanya lamulo la bwana amene ndi bambo wa mkwatibwi. M'chigwa mmene anthu amamangidwa chifukwa cha mapepala a ng'ombe, mbiri yotere siichoka pa munthu. Ndikanathanso kutumiza ng'ombe popanda pepala, n'kukakhala ndi phwando la ukwati kupolisi. Kapena ndikanatha kudikira a ku likulu, n'kuuza Limbani kuti bambo ake asunga lamulo koma iye wataya mkazi. Amayi anu anandiuza momveka bwino kumene ndikagone ndikasankha njira yachitatuyi.

Ndinagogoda pa chitseko cha a Zuze. "Bwana, madzi aja afika pa mwendo wa bedi. Ndikupempha chilolezo chosintha mzere."

Ankaoneka kuti sanagone bwino. "A Injiniya, pa anthu amene akudikira mapepala, woyamba ndani?"

"Ndine."

"Katundu wanuyo akupita kuti?"

"Kwanu, bwana."

"Mwaona. Zaka zonsezi ndasunga mawu a malemu. Ndikawaphwanya sabata ino, sabata imene katundu akubwera kukhola kwanga, anthu a pansi pa mtengowo adzati Zuze anagulitsa wakufa chifukwa cha dyera. Ndipo inu mukundipempha pamaso. Nkhani iyi yasiya kukhala ya ofesi. Muli ndi ankhoswe, ine ndili ndi ankhoswe. Tsekani chitseko potuluka, mukutulutsa mphepo ya fani."

Ndinatuluka nditakwiya, koma ndisanafike pa mpando wanga ndinazindikira kuti munthuyo sanakane. Anandionetsa khomo lina. Ndinaimbira a Tchale.

Anafika m'mawa mwake pa minibasi yoyamba, atavala jekete lakuda m'kutentha kwa Nsanje, chifukwa ankati nkhoswe yopanda jekete ndi mlendo wamba. A Tchale anali asanagwirepo kompyuta, ndipo foni yawo inkayankhidwa ndi aliyense amene ali pafupi. Ndinayamba kuwafotokozera za mwini nyumba, mlendo, ndi mapangidwe a disiki. Anakweza dzanja.

"Alamu, sukulu ndinaisiya dala. Ndiuzeni ziwiri zokha. Tikupempha chiyani, ndipo tikupereka chiyani?"

"Tikupempha kusintha mawu a malemu a Kampira."

"Tikupereka?"

"Palibe chopereka. Ndi nkhani ya luso chabe."

"Nchifukwa chake mwalephera zaka zonsezi," anatero, n'kukonza kolala.

Mayi Fatima anabwera atasiya nsomba zawo ndi mnzawo wa pamsika. Ankhoswe awiriwo anakhala pa benchi pansi pa nimu, alimi odikira aja atasunthira pambali mwaulemu koma osati patali moti asamve. Ine ndinali pa zenera la chipinda changa, limene linalibe galasi. A Zuze anali pa zenera lawo, akuwerenga pepala limodzi mobwerezabwereza. Pakati pa mpando wanga ndi wawo panali khoma lokha, koma mawu ankayenera kutuluka panja, kuzungulira mtengo, n'kubwereranso.

Atapatsana moni wa mudzi wonse, mbuzi ndi odwala omwe, a Tchale anayamba. "Mayi, m'nyumba umu muli nkhalamba ina yachilendo imene yakana kudzuka. Mwini nyumba ndi watsopano, sakumva kalankhulidwe kakale. Ife akuchimuna tabwera kudzapempha kuti tiidzutse m'kalankhulidwe katsopano."

"Nkhabe," anatero mayi Fatima. Liwu limeneli ndi ayi wa Chisena, ndipo m'kamwa mwawo linkamveka ngati chitseko chachitsulo. "Musandikometsere, a Tchale. Ine ndimagulitsa nsomba, yowola ndimaidziwa ngakhale mwaithira mchere. Mlamu wanu akufuna kufufuta mawu a munthu wakufa kuti ng'ombe zake ziyende."

"Ng'ombezo zikuyenda kupita kwa yani, mayi?"

"Zimenezo sitinafike. Ife sitikuthamangira ng'ombe. Kwathu ng'ombe ziliko."

"Ziliko ndithu. Mbuzi zokha ndi zimene ndamva kuti zikuchepa."

Alimi aja anaseka, ndipo pa zenera la a Zuze pepala lija linagwedera. Mayi Fatima anapita kukanong'onezana ndi mchimwene wawo, n'kubwerera ndi funso: manambala amene malemu anavutika nawo nyengo yonse yotentha atayidwa? A Tchale anabwera pa zenera langa kudzafunsa funso limene ndinali nditalimva kale. Ndinayankha kuti palibe nambala yotayika, onse asamukira m'kalembedwe katsopano, chifukwa popanda iwo pulogalamu idzaganiza kuti yabedwa. A Tchale anabwerera pa benchi n'kulengeza kuti katundu yense wa malemu asamuka ndi ulemu, ngakhale supuni siitsala. Anayenda chonchi maulendo angapo, jekete likuda ndi thukuta, ndipo ulendo uliwonse mawu anga ankafika pa benchi atanenepa.

Kenako mayi Fatima anafunsa funso limene palibe anandifunsapo. "Chabwino, katundu wasamuka. Nanga bwinja? Ife madzi atatithamangitsa kudimba tinamanga kumtunda, koma pamene panali nyumba ya bambo athu sitinalimepo. Timadziwa kuti ndi apa. Mwana akafunsa timamulozera. Inu mukasamutsa katundu, nyumba ya malemuyo mugwetsa?"

A Tchale anafika pa zenera. "Alamu, akufunsa bwinja."

Apa ndinakumbukira kanthu kakang'ono. M'ntchito yathu muli kachizindikiro kena kamene ukakaika kumayambiriro kwa mzere, makina amaudumpha osauwerenga, koma munthu amauonabe uli pamalo pake. Amisiri timakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osakaganizira. Pa zaka zonse zimene ndinkakambirana ndi a Zuze, ine ndinkalankhula za chimene makina adzawerenge, iwo ankalankhula za chimene anthu adzaone, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake ndi wogontha.

"Auzeni kuti bwinja likhala," ndinatero. "Mawu a malemu sachotsedwa ngakhale chilembo chimodzi. Angopuma ntchito. Atsopano alembedwa pansi pake."

Zitatero zinthu zinayenda msanga, ngakhale akuchikazi anaika mfundo zawo. Kusinthako kuchitike pamaso pa ankhoswe onse awiri. Mapepala a alimi ena onse atuluke poyamba, la Limbani likhale lomaliza. A Zuze asakhalepo, apite kukayendera dibi, kuti pasapezeke wonena kuti anaimirira pamenepo akudikira ng'ombe. Ndinavomera zonse. A Tchale anawonjezera, monga chizindikiro cha mtima wabwino wa akuchimuna, mbuzi imodzi yopita kwa mkazi wa malemu a Kampira. Mbuziyo inali yanga, ndipo ndinamva za mphatsoyi nthawi imodzi ndi alimi a pansi pa mtengo.

A Zuze anakwera njinga yamoto kupita ku dibi limene linali louma kwa chaka chathunthu. Ankhoswe analowa m'chipinda changa n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinaika kachizindikiro kaja patsogolo pa mzere wa a Kampira, ndipo mayi Fatima anawerama kuti aone ngati mawu onse alipo, ngakhale sankawerenga Chingerezi. Pansi pake ndinalemba mizere iwiri. Woyamba unkanena fayilo imene ikusunga ng'ombe. Wachiwiri unkafotokoza disiki imene mlendo aione, mapangidwe ake ndi nambala ija. Ndinafotokoza kuti tsopano mbali ziwirizi sizilankhulana zokha, zimalumikizidwa ndi dzina limene ndiyenera kusankha.

"Ndiye kuti dzinalo ndi nkhoswe," anatero a Tchale.

"Tingatero."

"Lembani Tchale."

"Nanga mbali inayo ilibe dzina?" anafunsa mayi Fatima.

Nayonso inkafunika dzina lake. Ndinalemba Fatima.

Ndinadina batani. Sikirini inada. Ndikuuzeni zoona, ana anga, ngakhale ndinali nditayesa kunyumba, nthawi imeneyo ndinaona nkhope ya Limbani, nkhope ya amayi anu, ndi khonde limene ndikanagonapo. Kenako sikirini inasanduka yabuluu, ndipo pulogalamu yokalamba ija inatipatsa moni monga inkachitira ku Chikwawa, osadziwa kuti yakhala pa milandu. Pulinta itayamba kulira, alimi panja anaomba m'manja. A Tchale anavula jekete, n'kunena kuti makompyuta si ovuta mmene anthu amanenera.

Mapepala anatuluka tsiku lonse. La Limbani linatuluka lomaliza, dzuwa litapendeka, ndipo alangizi a ziweto anasaina akuseka. A Zuze anabwerera ali ndi fumbi mpaka m'nsidze. Analowa m'chipinda changa, anayang'ana mzere wa a Kampira uli pamalo pake, anavula chipewa kwa kanthawi, n'kutuluka.

Kwa Malemia, Loweruka lake

Lole inadutsa marodibuloko onse popanda vuto, a Tchale ali kutsogolo ndi pepala m'thumba la jekete. Amalume a kutsidya anazungulira ng'ombe, anaziyang'ana mano ndi ziboda, ndipo anavomera. Mwambo utatha, ankhoswe atanena kuti tsopano makolo angathe kulankhulana, a Zuze anabwera pamene ndinaima pafupi ndi khola. Kwa nthawi yoyamba sananditchule kuti a Injiniya, koma monga amaitanirana makolo okwatitsana ana.

"Asewele," anatero, n'kuthokoza m'Chisena, "takhuta. Ng'ombe zabwino."

Linali liwu loyamba loti ng'ombe pakati pathu pa miyezi yambiri, ndipo tonse tinapuma ngati anthu otula katundu. Ndinaganiza kuti ino ndiyo nthawi yoti avomere kuti chenjezo lija linali loona. Ndinawathandiza pang'ono. "Bwana, mwaona tsopano kuti madzi aja anabweradi."

"Anabwera," anavomera. "Ndipo tinatani?"

"Tinasamuka."

"Liti?"

"Atafika."

"Wafa ndani?" Anandigwira paphewa mwachifundo. "Ndinakuuzani, asewele. Munthu wa kuno amasamuka madzi akafika pa mwendo wa bedi. Inu munataya zaka mukuda nkhawa, ine ndinagona tulo, ndipo tafika tsiku limodzi."

Ndakhala ndikuyeza mawu amenewa chipumireni ntchito. Ndikudziwa kuti ndi olakwika. Tikanasintha msanga, bwenzi alimi asanadikire pansi pa mtengo, ukwati usanalendewere pa ulusi, ndipo mbuzi yanga ikanafa ndi ukalamba. Koma nthawi iliyonse ndikasanja mfundozi kuti ndikawauze, ndimawapeza atanyamula mdzukulu wathu pa khonde, ndipo mfundo zimaoneka zochepa.

Amene analowa m'malo mwanga ku ofesi, mayi wophunzira bwino kuposa ine, anandiimbira foni chaka chatha. Anati pa sikirini payamba kubwera mawu achikasu, ndipo nthawi ino akunena za mizere iwiri imene ndinalemba ine. Anati kusintha kwake akukudziwa, si kovuta, koma asanakhudze akufuna adziwe kuti Tchale ndi Fatima ndi zida zanji, chifukwa sanazipeze m'buku lililonse. Ndinamuuza kuti asinthe lero lomwe, asadikire, ndipo mizere yanga aifufute ndithu popeza ine ndili moyo ndipo sindinanene kanthu pa bedi la kuchipatala. Koma maina awiriwo awasunge. Amalume anu amafunsa chaka chilichonse ngati akadali pa ntchito ku Nsanje, ndipo ayamba kufunsanso za penshoni.